Maselo akumamatira paliponse kapena sakumamatira n'komwe: yambani mwaiona patani yanu

Vuto lake limabwera mofanana pafupifupi mu labu iliyonse yomwe yayamba zodinda mapatani a puloteni pa galasi: mwapanga tizilumba ta fibronectin, puloteni yomwe maselo amagwirapo, malo otsalawo mwatseka ndi chotsekera, mankhwala oletsa puloteni kukhalapo, kuti selo lisagwirepo, mwathira maselo madzulo, m'mawa kusuzumira pa maikulosikopu mupeza maselo ali mbwee paliponse ngati simunapangepo chilichonse, apo ayi galasi lonse lili mbee maselo akungoyandama atafa. Nde chomwe ambiri amathamangira ndi kusintha maselowo, kusungunula ena a mu nitrogen, kuonjezera seramu, kuchepetsa seramu, mwezi mpaka kutha zinthu zili chomwecho. Kwa ine maselo ndi omaliza kuwakayikira. Selo silidziwa zomwe munajambula pa kompyuta, limangogwira pomwe ma integrin ake, timapuloteni ta pakhungu lake togwirira, apeza puloteni yogwirika basi. Likamamatira pomwe simukufuna ndekuti pamenepo pali puloteni, likakana pomwe mukufuna ndekuti puloteni palibe, kapena ilipo koma inaonongeka.

Ndipo musati ndi nkhani yongofuna zithunzi zokongola. Mu 1997 Christopher Chen ndi anzake, mu malabu a Donald Ingber ndi George Whitesides ku Harvard, anaonetsa kuti maselo a m'kati mwa mitsempha ya magazi akaikidwa pa kachilumba kochepetsetsa amadzipha okha, pomwe omwe apatsidwa malo otambasukira amakula n'kumagawikana. Mu 2004 labu ya Chen yomweyo inaonetsa kuti ma stem cell a m'mafuta a m'mafupa a munthu akapanikizidwa pa kachilumba ka 1,024 µm² amapendekera kokhala maselo a mafuta, akatambasuka pa 10,000 µm² amapendekera kokhala maselo a fupa, mediamu yake imodzimodzi. Nde ngati m'mphepete mwa tizilumba tanu mwafalikira ndi ma maikulomita 5 okha kapena selo likutulutsa mwendo kunja, zotsatira zanu zasintha kale, simukuyezanso chomwe mukuganiza kuti mukuyeza.

Musathire selo pa patani yomwe simunaione ndi maso

Ichi nde chinthu chomwe ndimaumirira, ndipo chimathetsa mikangano yambiri ya mu labu. Fibronectin sioneka pa galasi, ndi kansalu kopyapyala kwambiri moti pa maikulosikopu wamba simuona kanthu. Sakanizani mu puloteni yanuyo kachigawo kochepa ka puloteni yowala, ambiri amagwiritsa ntchito fibrinogen yomangidwa ndi Alexa Fluor 488 kapena 647, ena amagula fibronectin yopakidwa kale rhodamine, mukatero patani iliyonse muziiyang'ana pa fluorescence maselo asanafike. Sankhani mtundu womwe simudzaufuna popaka maselo kutsogoloko, chifukwa ngati actin yanu, timaulusi ta m'kati mwa selo, mudzaione ndi green ndiye patani ikhale ya far red, osati zonse pa channel imodzi kenako muzidabwa kuti chowalachi ndi selo kapena galasi.

Mukayang'ana musangoona kuti tizilumba tikuwala n'kusangalala. Kwezani exposure mpaka tizilumbato tithobwe m'maso, kenako yang'anani pakati pa tizilumba. Pakakhala kuwala kwa mbuu pamenepo, olo kochepa bwanji poyerekeza ndi galasi lomwe silinakhudze puloteni, selo lidzakupeza, paja maselo ngati ma fibroblast safuna puloteni yambiri kuti agwire.

Tsiku lililonse lothira maselo pakhalenso magalasi atatu apambali: lina lopakidwa puloteni lonse popanda chotsekera, lina lopakidwa chotsekera chokha popanda puloteni, lachitatu lopakidwa chotsekera kenako n'kuthiridwa puloteni pamwamba pake kwa nthawi yomweyo yomwe patani yanu imakhala mu puloteni. Maselo akakana pa loyambalo, vuto ndi puloteni kapena maselo, chidindo chilibe mlandu. Akamamatira pa lachiwiri, chotsekera chanu sichikugwira ntchito. Akakana lachiwiri koma n'kumamatira lachitatu, chotsekera chilipo koma ndi chofooka, puloteni ikuchidutsa. Lachitatuli anthu amalidumpha kwambiri pomwe ndi lomwe limaulula zambiri.

Maselo ali paliponse

Funso loyamba: chotsekera chanucho chikugwirizana ndi pamalo pomwe mwachipaka? Apa nde pomwe ambiri amagwera, chifukwa zotsekera ziwiri zotchuka zimafuna malo osemphana.

Pluronic F-127 ili ndi chigawo chapakati chokana madzi, chimenecho nde chimakakamira pansi, kenako mikono iwiri ya PEG (polyethylene glycol, chigawo chokonda madzi) imaimirira m'madzi n'kumakankha puloteni iliyonse yobwera. Ndekuti imagwira bwino pamalo pokana madzi: PDMS (labala ya silicone yopangira zidindo), kapena mbale ya polystyrene yosakonzedwa ija ya mabakiteriya. Mukaithira pa galasi lomwe mwangolichotsa mu makina a plasma oyeretsera galasi kapena pa mbale yoweteramo maselo yomwe inakonzedwa kale ku fakitale kuti izikonda madzi, ilibe pogwira, mukangotsuka yapita. Kuonjezera mphamvu kuchoka pa 0.2% kufika pa 2% sikuthandiza, mukungotaya mankhwala. Kuyesa kwake nkosavuta, donthezani madzi pamalopo: akaundana n'kukhala kampira ngati pa mbale yomwe munadyerapo nyama yonona osaitsuka ndi sopo, Pluronic igwira, akayala n'kufalikira, iwalani.

PLL-g-PEG ndi yosiyana. Msana wake ndi poly-L-lysine yomwe ili ndi chaji ya positive, nde imafuna galasi loyera la chaji ya negative, lomwe langotuluka kumene mu plasma. Mawu oti kumene ndikunenetsa, galasi likakhala pa benchi ola lathunthu mukudya nkhomaliro limatolanso zonyansa za mu mpweya, PEG yake imadzakhala ya mipata. Konzeranitu madontho pa Parafilm musanayatse plasma, likangotuluka galasi mulivundikire pa dontho. Muyezo womwe anthu ambiri amatsata ndi 0.1 mg/ml mu buffer ya HEPES ya 10 mM pH 7.4 kwa mphindi 30 mpaka ola. Popeza chomwe chikuigwiriza pansi ndi chaji basi, mchere wochuluka kwambiri kapena pH yolowera kutali zimaimasula, choncho ngati wina mu labu anasintha buffer mwakachetechete poti HEPES inatha, mufunseni bwinobwino. Galasi lenilenilo likhalenso lotsukidwa lisanalowe mu plasma, ma coverslip a m'bokosi amakhala ndi tamafuta ta ku fakitale, plasma ya mphindi imodzi siichotsa zonse, ayambe alowa mu ethanol kapena isopropanol mu sonicator n'kuumitsidwa.

Chachiwiri ndi kuuma. Pamalo pomwe mwatseka ndi Pluronic pasaume mpaka ntchito ithe. Mukamatsuka n'kuyamwa madzi onse ndi aspirator mpaka pansi kuonekera, mpweya ukadutsa pamenepo umaononga kansaluko, ndipo pambuyo pake madontho a mediamu ya seramu akaumirapo amasiya puloteni. Chizindikiro chake chimadziwika: patani ili bwino mbali zambiri koma pali chigamba chimodzi chachikulu, kawirikawiri pakati pa mbale kapena pomwe munagunditsa tipi, pomwe maselo adzaza. Tsukani mosungunula, kutanthauza kuchotsa theka la madzi n'kuthira ena, kubwereza kangapo, osaumitsa.

Ngati mukudinda ndi chidindo cha PDMS, njira ija yomwe Amit Kumar ndi Whitesides anaitulutsa mu 1993, yang'anani ngati denga la chidindo silikugwa. PDMS ndi yofewa, Sylgard 184 ya 10:1 imapindika ndi chala chabe, nde ngati tizilumba tanu tatalikirana kwambiri pomwe timizati take ndi tafupi, malo apakatiwo amalendewera n'kukhudza galasi, puloteni n'kudindika pomwe simumafuna. Pa fluorescence mudzaona zigamba zozungulira zowala pakatikati pa tizilumba, m'mphepete mwa kachilumba kalikonse muli kamzere kakuda. Emmanuel Delamarche ndi anzake ku IBM Zurich analemba mu 1997 kuti msinkhu wa kamzati poyerekeza ndi m'lifupi mwake uzikhala pakati pa 0.2 ndi 2 kuti chidindo chidinde bwino, kupitirira pamenepo timizati timagwerana n'kumamatirana tokhatokha, kuchepera apo denga limakhudza. Mankhwala ake oyamba ndi aulere: siyani kukanikiza. Chidindo chabwino mukachigoneka chimadzigwira chokha, mumaona ndi maso mdima ukuyenda kuchoka mbali ina kupita ina pomwe chikukhudza galasi, mwina kungochigunda pang'ono ndi tweezer pakona. Zoikapo kabotolo kolemera pamwamba zija nzomwe zimagwetsa denga. Zikakanikabe, phikani PDMS yolimbirapo, 5:1 kapena kuisiya nthawi yaitali mu uvuni, ndipo ngati patani yake ndi ya tizilumba totalikirana ma maikulomita mazana, palibe kuchitira mwina, master, chikombole chomwe mumathiramo PDMS, ipangidwenso ndi SU-8 (pulasitiki yolimba ndi kuwala) yokhuthala kapena muikemo timizati tothandizira m'malo omwe simudzajambula.

Chidindo chonyowa nachonso chimapaka paliponse. Mukachichotsa mu puloteni, chitsukeni ndi PBS (buffer ya madzi a mchere) kenako madzi oyera kuti mchere usaumirepo n'kupanga timiyala, muuzireni nitrogen mpaka m'maenjemo muume, chifukwa kadontho kotsala m'maenje kakangokhudza galasi lokonda madzi kamathamanga n'kufalitsa puloteni pansi ponse.

Kwa a deep UV, njira yomwe Ammar Azioune ndi anzake a ku Institut Curie ku Paris anaifalitsa mu 2009, nkhani imasintha pang'ono. Kumeneku mumapaka PEG galasi lonse kenako kuwala kwa pansi pa 200 nm kumadutsa m'mabowo a masiki, mbale yoonekera yomwe patani yajambulidwapo ndi chrome, n'kupsereza PEG pomwe mukufuna puloteni ikakhale. Maselo akamatuluka kunja kapena tizilumba tikamaoneka tonenepa kuposa momwe munajambulira, pakati pa masiki ndi galasi pali mpata. Mbali ya chrome ndi yomwe iyenera kukhudza galasi, ndipo izi anthu amatembenuza ndithu, makamaka masiki ikakhala yatsopano. Kadontho ka madzi komatira galasi ku masiki kakhale ka ma maikulolita ochepa, kakachuluka galasi limayandama kuwala n'kulowa cham'mbali, ndipo kafumbi kamodzi kokha kamatukula galasi n'kuononga dera lonse lozungulira. Masiki muziitsuka nthawi iliyonse, acetone kenako isopropanol, n'kuiika yokha pansi pa nyaleyo mphindi zingapo kuti madzi aziyala bwino. Kuwalitsa nthawi yaitali poti mukufuna zigwire kwambiri kumangokulitsa tizilumba. Komanso pothira puloteni, kumbukirani kuti ikukhala pamwamba pa PEG yonse, nde 10 mpaka 20 µg/ml kwa mphindi 20 kapena 30 ndi zokwanira, mukaika 100 µg/ml usiku wonse PEG ili ndi malire, ina idzalowa.

Pang'ono za chitetezo poti tafika pa nyale: kuwala kwa 185 nm kumasandutsa oxygen kukhala ozone, makinawo akhale mu fume hood kapena olumikizidwa ku paipi yotulutsa mpweya, fungo lakuthwa lija mukalimva ndekuti mukulipuma. Ndipo amene amatsuka magalasi ndi piranha, sulfuric acid ndi hydrogen peroxide ija, isakumane ndi acetone kapena kutsekeredwa m'botolo, imaphulika. Pa ntchito iyi plasma ndi yokwanira.

Tsono pali mtundu wina wa paliponse womwe si wa galasi, ndi wa kathiridwe. Mukathira maselo ochuluka n'kuwasiya usiku wonse osatsuka, omwe agwera pa PEG samangofa mwaulemu, amagwirana ndi anzawo omwe ali pa tizilumba n'kupanga milatho, ena amatulutsa puloteni yawoyawo. Thirani, dikirani mphindi 20 mpaka ola kutengera mtundu wa selo, suzumirani, mukaona kuti a pa tizilumba ayamba kuphwatalala ndipo mukagwedeza mbale sakusuntha, tsukani oyandamawo nthawi yomweyo ndi mediamu yofunda. Ngati maselo anu amalola, athireni mu mediamu yopanda seramu kapena ya seramu yochepa pa ola loyambalo, chifukwa mu seramu muli vitronectin ndi fibronectin zomwe zimakhala pa kampata kalikonse ka PEG, seramu mubwezere mukatsuka.

Nanga zomwe zimakhala bwino tsiku loyamba ndi lachiwiri kenako lachinayi maselo ayamba kuyenda? Pamenepo simunalakwitse kanthu, Pluronic ndi PLL-g-PEG zimangokhala pamwamba popanda chomangira chenicheni, pang'onopang'ono zimachoka, PEG nayo imaonongeka ndi oxygen, ndipo ma fibroblast ndi akatswiri oyala matrix yawo, mapuloteni omwe amagwirapo, kuchokera m'mphepete. Ntchito ya maola 24 mpaka 48 zimakwanira. Ya sabata kapena kuposa pamafunika chotsekera chomangika, monga poly-L-lysine yomwe pamwamba pake mwamangapo mPEG-SVA, kapena kudinda pa gel ya polyacrylamide yomwe mwachibadwa puloteni siigwira. mPEG-SVA yo muisungunule pomwe mukuigwiritsa ntchito, mu buffer ya pH ya m'ma 8, ikakhala m'madzi imafa msanga, ndipo ufa wake ukalowa chinyezi botolo lonse latha ntchito.

Maselo sakugwira olo pamodzi

Bwererani ku fluorescence. Ngati tizilumba sitikuwala kapena tikuwala mwa apa ndi apo, puloteni sinachoke pa chidindo. Yang'anani chidindocho pa maikulosikopu mutadinda: timizati tikakhala takuda maenje akuwala, puloteni inasamuka bwino, timizati tikamawalabe, inakana kutsika.

Lamulo lake ndi loti puloteni imasamuka kuchoka pamalo pokana madzi kupita pokonda madzi kuposa pamene yachokerapo. Nde amene amaika chidindo mu plasma kuti dontho la puloteni liyale bwino akudzipweteka, chidindo chimaigwira puloteniyo osafunanso kuisiya. Chisiyeni chokana madzi, dontho likamathawa livundikireni ndi ka coverslip kapena gonekani chidindo chafufumimba pa dontho. Chomwe chimafuna plasma kapena UV-ozone ndi chodindidwacho.

Mwina mwaona kale msampha womwe uli apa. Kudinda kukufuna pansi pokonda madzi, Pluronic ikufuna pansi pokana madzi, zonse pa galasi limodzi. Njira yomwe malabu ambiri amatsata ndi kupaka galasi kansalu ka PDMS, kuliika mu UV-ozone mphindi ngati 7 kuti lisinthe pang'ono chabe, kudinda nthawi yomweyo, kenako Pluronic ya 0.2%. Kampata kake nkochepa, mukachepetsa puloteni sitsika, mukapyoza Pluronic sigwira, ndipo nyale iliyonse ili ndi mphamvu yake, yakale imafooka. Nde mphindi za mu pepala la anthu ena musazitenge ngati lamulo, tengani magalasi asanu, muwaike nthawi zosiyana kuyambira 3 mpaka 12, mudinde onse, muone lomwe likupereka zonse ziwiri. Zimatenga masana amodzi.

Nthawi pakati pa kuumitsa chidindo ndi kudinda ikhale yochepa, mphindi imodzi kapena ziwiri. Chikauma kwambiri puloteni imakakamira komweko. Anthu amakonda kuumitsa zidindo zonse khumi kenako n'kuyamba kudinda chimodzichimodzi, mapeto ake ziwiri zoyamba zokha nzomwe zimatuluka bwino, n'kumati njirayi ndi yamwayi. Umitsani chimodzi, dindani, pitani pa china. Nyengo yotentha youma kapena mu hood momwe mpweya ukuomba nthawi zonse, fulumirani kuposa apo.

PDMS yosapsa bwino ndi vuto lina lobisika. Mumatsala timafuta ta silicone tomwe sitinamangike, podinda timatsika limodzi ndi puloteni n'kuiphimba. Chidindo chikamamveka chonata ku magolovesi kapena chikamasiya zizindikiro pa galasi louma popanda puloteni, sichinapse. Pimani base ndi curing agent pa sikelo osati ndi maso, takasani mokwanira, chotsani thovu mu vacuum, phikani pa 60 mpaka 65 °C maola angapo kapena usiku wonse, zatsopanozo muziviike mu ethanol mu sonicator n'kuziumitsa bwino musanazigwiritse ntchito. Magolovesi a latex asakhudze PDMS yamadzi, sulfur ya m'menemo imapha platinum yomwe imaumitsa, valani a nitrile. Ndipo chidindo chomwe chadinda kambirimbiri chimatopa, puloteni yakale imaunjikana, kupanga chatsopano kuchokera pa master ndi kotchipa kuposa sabata yomwe mutaye.

Kwa a deep UV tizilumba tikapanda kuoneka, funso loyamba ndi masiki: ndi ya quartz? Galasi wamba la soda-lime ndi masiki za filimu zija sizidutsitsa kuwala kwa 185 nm, zimagwira ntchito popanga master ya SU-8 pa 365 nm koma kuno ayi. Nyale nayo itenthe kaye mphindi 5 mpaka 10, masiki ikhale pafupi nayo chifukwa mpweya womwe umameza kuwalako, ndipo nyale ya mu hood yophera tizilombo ya 254 nm siingalowe m'malo mwake. Puloteni ambiri amaisungunula mu sodium bicarbonate ya 100 mM pH ya m'ma 8.5 pa njira imeneyi.

Tsopano tinene kuti patani ikuwala bwino koma maselo akukanabe. Chenjerani apa, chomwe chikuwala ndi fibrinogen yanu ija, sichikukuuzani kuti fibronectin ili moyo. Galasi loyamba la apambali lija nde liyankhe. Fibronectin ndi puloteni yaikulu yosachedwa kukwiya: siifuna vortex, siifuna kuumitsidwa mu firiza ndi kusungunulidwa mobwerezabwereza, ikatero imaundana n'kupanga tiulusi tomwe simungatisungunulenso. Igaweni m'timachubu tating'ono tsiku lomwe yafika. Kwa ife omwe timagwira ntchito komwe magetsi amathimathima ndipo katundu amayenda masiku ambiri asanafike, ka chubu komwe kali pa chitseko cha firiza kamakhala katasungunuka kangapo popanda woona, nde ikani kumbuyo kwenikweni, ndipo botolo latsopano liyeseni kaye pa galasi wamba musanalikhulupirire. Matrigel, chosakaniza cha mapuloteni a matrix, nayo ikhale pa ayezi ndi matipi ozizira, ikafunda imalimba mu chubu momwemo. Kuphera tizilombo poika patani yomalizidwa pansi pa UV ya mu hood kwa ola ndi njira yabwino yoonongera puloteni ndi PEG nthawi imodzi, bola kuyeretsa zonse poyamba, kugwira ntchito mwaukhondo, n'kuika maantibayotiki a pen-strep mu mediamu.

Pokhapokha izi zonse zili bwino mpomwe tingawafunse maselo. Trypsin, mankhwala omatulira maselo pa flask, ikakhalitsa imadula ma integrin omwe selo likufuna kugwirira, pa mbale wamba simuzindikira chifukwa limakhala ndi usiku wonse wopanga ena, koma pa patani mwalipatsa mphindi 30 zokha musanatsuke. Chepetsani nthawi, kapena yesani Accutase kapena EDTA yokha. EDTA yo muichotse ndi centrifuge, ma integrin amafuna magnesium ndi calcium kuti agwire, ikatsalira imazilanda. Ngati mukuthira mu mediamu yopanda seramu kumbukirani kuti palibe chozimitsa trypsin, pamafunika trypsin inhibitor. Maselo ochokera mu flask yodzadza kwambiri amachedwanso kutambasuka, agaweni dzulo lake. Ndipo puloteni igwirizane ndi selo: fibronectin ndi ya ma fibroblast, HeLa, RPE1, maselo a mitsempha ya magazi, koma ma neuron amafuna laminin kapena poly-D-lysine, ma stem cell a mluza wa munthu amafuna Matrigel, laminin-521 kapena vitronectin, kuphatikizapo mankhwala a Y-27632 a 10 µM pothira chifukwa akalekanitsidwa limodzilimodzi amafa. Ntchito ya Aryeh Warmflash ndi anzake ku Rockefeller University mu 2014, yomwe magulu ozungulira a ma stem cell a pafupifupi milimita imodzi m'mimba mwake anapanga mizere ya mitundu ya maselo atapatsidwa puloteni ya BMP4, imadalira kuti gulu lililonse lidzaze bwino kuyambira pachiyambi, nde kumeneko kathiridwe ndi theka la ntchito. Ngati maselo anu ndi ovuta kapena odula, yesani patani ndi maselo osavuta ngati NIH 3T3 kapena RPE1 kaye, amenewo akagwira mwadziwa kuti galasi lilibe vuto. Tizilombo ta mycoplasma mutiyezenso, nthawi zonse.

Kukula kwa kachilumba nako. Selo loyandama limaoneka laling'ono, ma maikulomita 15 kapena 20, koma likatambasuka limafuna malo ochuluka. Jambulani maselo anu pa fibronectin wamba, yezani malo omwe limodzi limatenga mu pulogalamu ya ImageJ, patani ichokere pamenepo. Kochepetsa limagwira mofooka n'kuchoka potsuka, kokulitsa mumalowa awiri.

Pena pabwino pena poipa, kapena awiriawiri pa kachilumba kamodzi

Za awiriawirizi pali masamu omwe simungawathawe. Maselo akamagwa mwachisawawa ndipo pa avereji pakugwera selo limodzi pa kachilumba kalikonse, tizilumba pafupifupi 37 pa 100 timakhala ndi limodzi, 37 tena topanda kanthu, totsalato awiri kapena kuposa. Nde kufuna kuti kalikonse kakhale ndi limodzi ndi loto, ndipo kuonjezera maselo kuti mudzaze topanda kanthuto kumangochulukitsa ta awiri. Bola kuthira ochepa, tambiri tikhale topanda kanthu, mujambule tomwe tili ndi limodzi. Ambiri amayambira pa maselo 10,000 mpaka 20,000 pa cm² n'kumasintha malinga ndi kuchuluka kwa tizilumba. Adutsitseni pa sefa ya 40 µm kuti zibuma zitsale, ndipo kumbukirani kuti selo limodzi la lero mawa ndi awiri, ngati mukufuna limodzi jambulani maola ochepa mutathira.

Maselo akaunjikana pakati pa mbale, munaizunguza mozungulira. Yendetsani kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, kenako isiyeni pa benchi yosagwedera mphindi 10 kuti akhazikike musanainyamule kupita ku incubator. Zigamba zopanda patani zozungulira bwino ndi thovu, kaya linali mu dontho la puloteni, pansi pa chidindo kapena pansi pa masiki. Kolakwika komwe kakubwera pamalo amodzimodzi pa galasi lililonse kali pa master kapena masiki, yang'anani kumeneko, nthawi zambiri ndi PDMS yomwe inadukira mu maenje a SU-8 chifukwa wafer ya master sinapakidwe fluorosilane isanathiridwe koyamba. Chidindo chikhalenso chaching'ono, sentimita imodzi mbali zonse chimakhudza bwino kuposa chachikulu, ndipo m'mphepete momwe mwadula ndi lezala muchotse kamlomo kotukuka kaja chifukwa kamaletsa pakati kukhudza.

Kasungidwe kamabweretsanso kusiyana komwe anthu amakuika pa maselo. Magalasi a PLL-g-PEG omwe awalitsidwa koma sanathiridwe puloteni amasungika ouma mu firiji, puloteni muthire tsiku logwiritsa ntchito. Odindidwa kale n'kutsekedwa ndi Pluronic akhale mu PBS pa 4 °C ndipo agwire ntchito m'masiku ochepa. Lembani deti pa mbale iliyonse, chifukwa kuyerekeza galasi la lero ndi la masabata atatu apitawo mu experiment imodzi ndi kuyeza zaka za galasi osati mankhwala anu.

Posintha zinthu sinthani chimodzi pa ulendo, magalasi atatu apambali aja ali pomwepo. Ndipo ngati thumba likulola, gulani kamodzi ma chip opangidwa kale, kampani ya CYTOO ku Grenoble inatchuka ndi amenewa, muthire maselo a mu chubu chimodzi pa chip yogulayo ndi pa galasi lanu tsiku limodzi, mediamu imodzi, kutsuka nthawi imodzi. Akakhala bwino pa yogula n'kukana pa lanu, bwererani ku plasma, chotsekera ndi chidindo. Akakana ponse pawiri, yambani ndi trypsin.